Momwe mungapangire kuti makompyuta a pa ofesi azipatsirana ma update okhaokha, intaneti ipumeko

Ngati ndinu amene mumayang'anira makompyuta a kampani, tsiku lomwe Microsoft imatulutsa ma update a mwezi mumalidziwa ngakhale osayang'ana kalendala. Limakhala Lachiwiri lachiwiri la mwezi uliwonse, sindinalakwitse kulemba kawiri ayi, Lachiwiri loyamba lidutse kenako lotsatiralo ndi lomwelo, eni ake amati Patch Tuesday. Mawa lake foni ya ku IT sipuma. Uyu akuti imelo sikutuluka, uyo akuti mitingi ya pa Teams ikungodukaduka, abwana nawo atulukira pakhomo kudzafunsa kuti intaneti timalipira mwezi ndi mwezi ija ili kuti. Pomwe palibe chaonongeka, kungoti makompyuta onse adzuka nthawi imodzi nkuyamba kukoka fayilo imodzimodzi kuchokera kunja, iliyonse payokha, kudzera pa laini imodzi yomweyo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti muli ndi makompyuta 200 ndipo update ya mwezi uno ndi 1 GB, ndangosankha nambala yosavuta kuwerengera. Ndiye kuti 200 GB ikuyenera kulowa. Ngati laini yanu ndi ya 20 Mbps, pa sekondi imodzi pamalowa 2.5 MB, kutanthauza kuti pafunika maola pafupifupi 22 laini ili yodzadza tho, osachita china chilichonse. Chonsecho fayiloyo ndi imodzi yomweyo. Ikanangolowa kamodzi kapena kawiri, makompyuta nkumapatsirana okhaokha mkati momwe ma switch ambiri amathamanga 1 Gbps, bwenzi palibe yemwe wazindikira nkomwe kuti kunali update.

Chida chochitira zimenezi chili kale mu Windows 10 ndi Windows 11, simugula kalikonse. Dzina lake ndi Delivery Optimization, pa mndandanda wa ma service chimaoneka ngati DoSvc, ndipo pa makompyuta ambiri chimabwera choyatsa kale. Ndiye mufunsa kuti ngati chili choyaka kale, nanga intaneti ikuferanjibe? Ine zomwe ndakhala ndikupeza ndi ziwiri basi: mwina kompyuta sikudziwa kuti mnzake wapafupi ndi uti, kapena ikumudziwa koma sikumudikira. Mukakonza ziwirizi, zina zonse ndi zongowongolera.

Kagwiridwe kake mwachidule kali chonchi. Kompyuta ikafuna update imayamba yalankhula ndi ma seva a Microsoft pa intaneti, nkunena kuti ndikufuna fayilo yakutiyakuti. Kumeneko amaiuza kuti anzako awa ali nayo kale, komanso imatenga mndandanda wa ma hash, zizindikiro zotsimikizira kuti chinthu sichinasinthidwe, a tizidutswa tonse ta fayiloyo, poti fayilo imadulidwa m'tizidutswa ting'onoting'ono. Kenako imatola kachidutswa aka kwa mnzake uyu, ako kwa uyo, zotsalazo kuchokera pa intaneti, ndipo kachidutswa kalikonse imakayesa ndi hash ija isanakalandire. Kakapezeka kosiyana kamatayidwa. Izi ndikuzinena dala chifukwa a chitetezo akangomva mawu oti peer-to-peer amayamba kuganiza za ma torrent, nkukana nkhani isanathe nkomwe. Auzeni kuti kompyuta ya mnzako singakupatsire fayilo yachinyengo kudzera njira imeneyi, komanso siwerenga mafayilo a munthu, imangogawa zomwe zili mu cache yake, kankhokwe ka pa disiki kosungiramo zinthu zochokera kwa Microsoft. Ndipo si ma update a Windows okha, mumadutsanso ma driver, ma app a mu Microsoft Store, ma update a Defender, a Edge, a Microsoft 365 Apps, ngakhale ma app a Win32 omwe mumatumiza ndi Intune, chida cha Microsoft choyang'anira makompyuta kudzera pa intaneti.

Yambani ndi kuona, musanasinthe kanthu

Chonde musathamangire ku Group Policy, komwe mumaika masetingi a makompyuta onse pamodzi. Pitani kaye pa makompyuta atatu kapena anayi a malo osiyana, imodzi ya pa waya, imodzi ya pa Wi-Fi, ina ya ku nthambi ngati muli ndi nthambi, tsegulani PowerShell ngati admin nkulemba:

Get-DeliveryOptimizationStatus

Ikuonetsani fayilo iliyonse yomwe yakokedwa posachedwapa. Maso anu akhale pa BytesFromPeers, BytesFromHttp, PercentPeerCaching ndi DownloadMode. Ngati BytesFromPeers ili 0 pafupifupi paliponse ndiye kuti kugawana kulipo pa dzina chabe. Kuti muone za mwezi wonse lembani Get-DeliveryOptimizationPerfSnapThisMonth, ndipo amene PowerShell simumaikonda, zomwezi zimaonekanso mu Settings, Windows Update, Advanced options, Delivery Optimization, kenako Activity monitor. Lembani manambalawa penapake. Mwezi wamawa mukadzafunsidwa kuti zasintha chani, mudzakhala ndi choonetsa osati kungoti ndikuona ngati zayamba kuyenda bwino.

Nkhani yeniyeni: mnzake wa kompyutayi ndi ndani

Masetingi onse ali mu Group Policy pansi pa Computer Configuration, Administrative Templates, Windows Components, Delivery Optimization. Amene muli pa Intune mupeza zomwezi mu settings catalog. Loyamba komanso lalikulu kuposa onse ndi Download Mode, ndipo limatenga nambala.

0 ndiye kuti palibe kugawana, aliyense akoke yekha. 1 ndi LAN, yomwe ndi imene mumaipeza ngati simunakhudze kalikonse. 2 ndi Group. 3 ndi Internet, kompyuta yanu imagawana ngakhale ndi makompyuta a anthu osawadziwa kunja, imeneyi pa kampani ine sindiona chifukwa choiyatsira. 99 ndi Simple, ya makompyuta omwe saloledwa kulankhula ndi ma seva a Delivery Optimization nkomwe. Palinso 100, Bypass, yomwe anthu ambiri anaiika kalekale pofuna kuzimitsa zonse, imeneyo pa Windows 11 Microsoft inaisiya ndipo imatha kulepheretsa zinthu zina kudawuniloda. Mukaipeza mu lamulo lakale la Group Policy (GPO) lomwe anasiya amene anachoka ntchito, ichotseni. Wofuna kuzimitsa kugawana aike 0.

Tsono mawu oti LAN pa nambala 1 paja amanamiza anthu ambiri. Sakutanthauza makompyuta omwe ali pa switch imodzi kapena chipinda chimodzi ayi. Akutanthauza makompyuta omwe akatuluka pa intaneti amaoneka ndi public IP imodzi. Ngati muli ndi ofesi imodzi, rauta imodzi, laini imodzi, palibe vuto, nambala 1 ikukwanirani ndipo mutha kudumpha ndime zingapo zikubwerazi. Koma taganizani kampani yomwe ili ndi likulu ndi nthambi zisanu, ndipo nthambi zonsezo intaneti yake imadutsira ku likulu. Kwa Microsoft onsewo ndi anthu a nyumba imodzi poti IP ndi imodzi, ndiye kompyuta ya ku nthambi iyi imauzidwa kuti mnzako ali nayo fayilo ndi uyo, pomwe mnzakeyo ali nthambi ina kutali, fayilo nkumayenda pa kalaini kowonda ka pakati pa maofesi kamene mumafuna kukateteza komweko. Mwachotsa katundu pa intaneti nkukamuika pa WAN, laini ya pakati pa maofesi ija. Mbali ina iliponso: nyumba imodzi koma ili ndi malaini awiri kapena atatu otulukira kunja, makompyuta oyandikana desiki nkumaoneka ndi ma IP osiyana, osadziwana mpang'ono pomwe.

Ndinazionapo izi pa ofesi ina yomwe ndinkathandiza, tinkasangalala kuona PercentPeerCaching ili pamwamba, tikumati zatheka, pomwe a ku nthambi akulira kuti sisitimu ya akaunti sikutseguka. Titayang'ana ndi -PeerInfo kumapeto kwa Get-DeliveryOptimizationStatus tinapeza kuti anzawo omwe ankawapatsa mafayilo anali a ku likulu. Nambala yokongola koma njira yolakwika.

Mankhwala ake ndi nambala 2, Group, kenako inuyo ndi amene muuze Windows kuti gulu ndi liti. Lamulo langa ndi losavuta, gulu limodzi likhale malo amodzi omwe makompyuta amalumikizana pa liwiro lalikulu popanda kudutsa laini yolipira. Nyumba imodzi, gulu limodzi. Mukaika 2 nkusiya osanena gulu, Windows imasankha yokha, imayamba ndi site ya Active Directory (AD), kaundula wa makompyuta ndi maakaunti a kampani, ikasowa imatenga domain, ikasowanso imatenga tenant ya Entra, akaunti ya kampani yonse kwa Microsoft pa intaneti, ndiye mutha kuona nokha kuti ngati makompyuta anu ndi a Entra okhaokha kampani yonse yasanduka gulu limodzi, vuto lija labwereranso.

Njira zopangira gulu zilipo zingapo. Mutha kupanga nokha GUID, nambala yaitali yosafanana ndi ina iliyonse, mu PowerShell ndi New-Guid basi, nkuiika pa seting'i ya Group ID, malo aliwonse GUID yake. Zimagwira, koma laputopu ikachoka ku likulu kupita ku nthambi imanyamula gulu lake lakale. Njira yabwinoko ndi seting'i ya Select the source of Group IDs: 1 ndi AD site, 2 ndi domain, 3 ndi DHCP, 4 ndi DNS suffix, 5 ndi tenant ya Entra. Ngati ma site anu a Active Directory anakonzedwa bwino, ma subnet onse analembedwa malo ake oyenera, tengani 1 mwamaliza. Koma nenani zoona, ndi angati amene AD Sites and Services yawo ili yaukhondo? Ine ndimakonda 3. Pa DHCP scope iliyonse, chigawo cha ma IP omwe seva imagawira makompyuta, mumaika option 234 yokhala ndi GUID ya malo amenewo, ndiye kompyuta ikangolandira IP imadziwiratu kuti lero ndili gulu ili, ikasamuka gulu limasinthanso lokha popanda inu kukhudza kanthu. Amene muli ndi Configuration Manager, chida cha Microsoft choyang'anira makompyuta kuchokera pa seva yanu, muli ndi mwayi wina, mu client settings muli poti boundary group ikhale Group ID, ndipo ngati ma boundary anu ali bwino imeneyo ndiye yachidule.

Palinso seting'i ina yothandiza kwambiri, Select a method to restrict peer selection. Mukaika 1 kompyuta imangogawana ndi anzake a subnet imodzi. Iyi ndi njira yachangu yotsekera vuto la WAN lija ngakhale musanakonze magulu, koma dziwani mtengo wake, ngati nyumba yanu munaidula ma VLAN ambirimbiri ang'onoang'ono ndiye kuti VLAN iliyonse ikoka kope lake kuchokera kunja, ndipo ya makompyuta anayi sipindula kwenikweni. Pa Windows 11 pali 2, local peer discovery, pomwe makompyuta amafufuzana okha pa netiweki pogwiritsa ntchito DNS-SD.

Tsegulani njira

Gulu litha kukhala labwino koma ngati khomo ndi lotseka palibe chidutse. Makompyuta amapatsirana pa TCP port 7680. Windows imadzitsegulira yokha pa firewall yake, vuto limabwera ngati muli ndi antivayirasi yokhala ndi firewall yakeyake, kapena GPO yomwe imakana malamulo a pa kompyuta pomwepo, kapena ma ACL, malamulo oletsa kudutsa, pakati pa ma VLAN. Kuyesa kwake nkosavuta, muli pa kompyuta imodzi lembani

Test-NetConnection dzina-la-inzake -Port 7680

ndipo ikati TcpTestSucceeded True ndiye kuti njira ilipo. Ikakana musafulumire kutukwana a netiweki, onani kaye ngati DoSvc ikuyenda pa inzakeyo, chifukwa service imeneyi imagona ikakhala ilibe chochita. Ngati gulu lanu likudutsa NAT pamafunikanso UDP 3544 ya Teredo, koma mukatsatira lamulo la nyumba imodzi gulu limodzi nthawi zambiri simufika kumeneko.

Wi-Fi ndiye pobisalira mavuto. Ma access point ambiri a m'makampani ali ndi seting'i yotchedwa client isolation, ena amati AP isolation, yomwe imaletsa zipangizo za pa Wi-Fi kuonana. Pa netiweki ya alendo ndi yabwino, isiyeni. Koma ngati inayatsidwanso pa SSID ya ogwira ntchito ndipo anthu anu ambiri ali pa malaputopu, kugawana kwafa, ngakhale muike masetingi okongola bwanji. Kambiranani ndi a netiweki, mwina atha kulola port 7680 yokha.

Kenako proxy, seva yomwe makompyuta amadutsirapo popita pa intaneti. Kumbukirani kuti amene amauza kompyuta za anzake ndi ma seva a Microsoft, ndiye ikalephera kufika ku ma adiresi othera ndi do.dsp.mp.microsoft.com imangokoka yokha mwakachetechete, osadandaula, inu nkumaganiza kuti zonse zili bwino. Ma adiresi amenewa asadutse mu TLS inspection, pomwe proxy imatsegula nkuyang'ana zodutsa zotetezedwa, chifukwa kompyuta imayembekezera satifiketi yeniyeni ya Microsoft ndipo ikaona ya proxy yanu imakana. Komanso proxy izilola byte range requests, kupempha kachidutswa ka fayilo m'malo mwa yonse, apo ayi muona fayilo imodzi ikukokedwa yathunthu mobwerezabwereza. Izi zikukhudzanso amene muli pa WSUS, seva yamkati yogawa ma update a Windows: fayilo ichokera pa seva yanu inde, koma kupeza anzake kumafunabe ma seva a kunja aja. Poti tatchula WSUS, Microsoft inalengeza mu September 2024 kuti yasiya kuiwonjezera zatsopano, ikugwirabe ntchito koma musamangirepo mapulani a zaka zambiri.

Aphunzitseni kudikira

Apa ndi pomwe ambiri amagwera ngakhale atakonza zonse zam'mwambazi. Makompyuta 200 akayamba kukoka pa miniti imodzi, palibe amene ali ndi fayilo yoti apatse mnzake, onse ndi osowa, ndiye onse amathamangira kunja. Pamafunika ena atsogole.

Gawani makompyuta m'magulu a nthawi, aja amati ma ring. Ochepa alandire tsiku loyamba, ena patapita masiku angapo, unyinji pambuyo pake. Anthu ambiri ma ring amawapanga pofuna kuyesa ngati update siyiphwanya kanthu, zomwe ndi zoona, koma phindu lachiwiri ndi limeneli, oyambawo amasanduka nkhokwe ya otsatira. Ndiye posankha oyamba musangotenga a ku IT okhaokha omwe akhala chipinda chimodzi ku likulu. Malo aliwonse, gulu lililonse, mukhale makompyuta awiri kapena atatu otsogola, makamaka ma desktop a pa waya omwe sazimitsidwa kawirikawiri. Ndipo akhale a mtundu wa Windows womwe ena ali nawo, poti update ya Windows 11 23H2 si fayilo imodzi ndi ya 24H2, kompyuta singagawe chomwe sinakoke. Apa mupezanso chifukwa china chochepetsera mitundu ya Windows pa kampani, ndipo ngati mukadali ndi Windows 10, thandizo lake lanthawi zonse linatha pa 14 October 2025.

Tsono ma ring amakumana ndi seting'i ina yomwe anthu saiona, Max Cache Age. Mukapanda kuikhudza fayilo imakhala mu cache masiku 3 okha, pa masekondi ndi 259200. Ndiye ngati ring yachiwiri imayamba patatha masiku 7, otsogola aja amakhala atataya kale fayilo, ntchito yonse ija yapita pachabe. Ikwezeni ipitirire kutalika kwa ma ring anu onse. Masiku 7 ndi 604800, masiku 14 ndi 1209600, masiku 30 ndi 2592000. Za disiki musade nkhawa kwambiri, cache ili ndi malire ake, mwachizolowezi sipitirira 20 peresenti, ndipo Windows imaichepetsa yokha malo akayamba kuthina.

Ina ndi Delay background download from http. Imeneyi imauza kompyuta kuti usathamangire kunja, yamba wafunafuna kwa anzako kwa masekondi akutiakuti, ukalephera ndiye upite pa intaneti. Popanda iyi kompyuta imakoka mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo ngati intaneti ili yothamanga imamaliza isanapeze nkomwe mnzake. Ine pa za background ndimayambira masekondi 600, malo omwe laini ndi yofooka kwambiri ndimafika mpaka 3600, palibe amene amaona kuchedwako poti zimachitika kuseri. Koma inzake ya foreground samalani nayo, imeneyo ndi ya pamene munthu wadina yekha kuti install ndipo akuyang'ana sikirini, mukaika yaitali aziona 0% osasuntha nkukuimbirani foni. Masekondi 60 ndi okwana.

Tizinthu ting'onoting'ono tomwe timaletsa kompyuta kugawa

Izi ndingodutsamo mwachangu. Fayilo yochepera 50 MB mwachizolowezi sigawidwa, koma mafayilo ambiri a Office, a Store ndi a Defender ndi ang'onoang'ono, ndipo kakang'ono kakachulukitsidwa ndi makompyuta mazana kamakula. Microsoft yomwe imalangiza kutsitsa Minimum Peer Caching Content File Size kufika 10 MB ngati muli ndi makompyuta opitirira 30, ndi 1 MB ngati apitirira 100. Kompyuta ya RAM yochepera 4 GB kapena disiki yochepera 32 GB silowa nawo m'kugawana, masiku ano zimenezi sizivuta kwenikweni kupatula pa timakina tating'ono kapena ma VM.

Batire ndiye nkhani. Laputopu ikakhala pa batire sipatsa anzake kanthu pokhapokha mutailola. Ngati kampani yanu ndi ya malaputopu okhaokha, yatsani Allow uploads while the device is on battery nkuika malire, ine ndimaika 40 peresenti kapena kuposerapo, kuti munthu asadabwe batire yatha ali mu mitingi. Za VPN zisiyeni momwe zilili, kompyuta ikazindikira kuti ili pa VPN imasiya kugawana ndipo ndi bwino choncho, simukufuna munthu ali kunyumba kwake azitumizira mnzake ali kwina 1 GB kudzera mu VPN ya kampani. Kwa ogwira ntchito kutali chothandiza ndi split tunnel, ma update azichokera kwa Microsoft molunjika osadutsa ku ofesi.

Pomaliza pa masetingi, ikani malire a liwiro. Pali seting'i ya Set Business Hours to Limit Background Download Bandwidth yomwe imakulolani kunena kuti nthawi ya ntchito ma update asapitirire peresenti yakuti, usiku atha kumasuka. Malire amenewa amakhudza zochokera kunja, za pakati pa makompyuta mkati sizichedwetsedwa. Ingokumbukirani kuti malirewo ndi a kompyuta iliyonse payokha osati a ofesi yonse, ndiye makompyuta 200 aliyense akatenga kachigawo kake laini imadzadzabe. Nchifukwa chake ndinayamba ndi magulu ndi kudikira, malire a liwiro paokha sapulumutsa munthu.

Yesani pa malo amodzi kaye

Musaponye GPO pa kampani yonse Lachisanu madzulo. Sankhani nthambi imodzi kapena nsanjika imodzi. Policy ikafika, tsimikizani ndi Get-DOConfig -Verbose kapena yang'anani mu registry pa HKLM\SOFTWARE\Policies\Microsoft\Windows\DeliveryOptimization ngati inabwera ndi GPO. Kenako tengani makompyuta awiri a gulu limodzi, pa yoyamba dawunilodani app yaikulu ndithu ya mu Microsoft Store, ikamaliza dikirani mphindi zingapo, chitani chimodzimodzi pa yachiwiri, nkuyang'ana Get-DeliveryOptimizationStatus. BytesFromPeers ikuyenera kukwera. Mukafuna kubwereza mayesowo, Delete-DeliveryOptimizationCache imapukuta cache, ndipo zikakanika Get-DeliveryOptimizationLog ndi komwe mukapeze chifukwa, ngakhale kuwerenga kwake kumafuna mtima wodekha. Amene muli ndi Windows Update for Business reports muli tsamba la Delivery Optimization lomwe limaonetsa kampani yonse malo amodzi.

Musayembekezere 100 peresenti. Wina amayenera kukoka koyamba, malaputopu amatsekedwa pakati pa ntchito, ma driver amasiyana malinga ndi mtundu wa makina. Chomwe mukufuna nchakuti mawa la Patch Tuesday girafu ya pa rauta isakhale yogunda kudenga tsiku lonse.

Pamene kugawana pakokha sikukwanira

Pali malo ena omwe ngakhale mutachita zonsezi phindu limakhala lochepa, monga komwe a chitetezo akanitsitsa kuti makompyuta asaonane, kapena komwe anthu amangobwera kawiri pa sabata ndi malaputopu. Kumeneko ganizirani Microsoft Connected Cache. Ndi seva ya mkati yomwe imasunga kope la chilichonse chomwe kompyuta yoyamba yakoka, otsatira nkumatenga pamenepo. Itha kukhala pa distribution point ya Configuration Manager, kapena payokha pa makina a Windows kaya a Linux, ingoonani kaye ngati laisensi yanu ikulola. Makompyuta mumawalozera ndi seting'i ya Cache Server Hostname, kapena DHCP option 235 ngati mukufuna malo aliwonse aziloza seva yake. Siilimbana ndi kugawana kuja, zimagwira limodzi, zomwe anzake alibe kompyuta imakatenga pa cache m'malo mopita kunja.

A Configuration Manager muli ndi peer cache yanuyanu ya ma package ndi ma application, mumasankha makompyuta oti akhale magwero mu client settings, ndipo mwachizolowezi imagwiritsa ntchito port 8003 pokoka ndi 8004 pofufuzana. Palinso BranchCache, yakale ndithu, inabwera ndi Windows 7 ndi Windows Server 2008 R2 mu 2009, ikugwirabe ntchito koma mtundu wake wopanda seva umangogawana mkati mwa subnet imodzi. Ngati mukuyamba lero ndipo makompyuta anu akulowera ku Intune, ine sindingakulangizeni kuyamba ndi imeneyo.

Ma Mac nawo musawaiwale, Delivery Optimization siwadziwa. Apple ili ndi yake yotchedwa Content Caching yomwe ili mkati mwa macOS kuyambira High Sierra mu 2017. Tengani Mac imodzi ya pa waya yomwe sizimitsidwa, pitani mu System Settings, General, Sharing, yatsani Content Caching, ndipo ma Mac, ma iPhone ndi ma iPad omwe amatulukira pa public IP imodzi ndi iyo amaipeza okha. Kuti mutsimikize, pa Mac ina tsegulani Terminal nkulemba AssetCacheLocatorUtil, ikuuzani ngati yaiona cache ija kapena ayi. Ngati ofesi yanu imatulukira pa ma IP angapo, pamenepo pafunika kuwonjezera TXT record mu DNS yanu yamkati yotchula ma IP onsewo, apo ayi zipangizo zina zizingodutsa osaiona.